Mwana akufuna kufufuza schizophrenia koma udokotala saufuna

Mayi wina wa ku Bangula wafunsa za mwana wake wamkazi wa Fomu 4. Amakhoza Masamu, ndipo akufuna kudzafufuza schizophrenia, matenda a maganizo amene amalume ake akudwala, koma za udokotala akukana. Kodi ntchito yotere ilipo?

Ilipo amayi, ndipo imayambira m'kaundula wa kuchipatala. Wodwala akabwera kudzalandira mankhwala a chlorpromazine kapena jakisoni wa pamwezi, namwino amalemba zaka zake, mudzi, tsiku ndi mankhwala. Mzere umodzi suuza munthu kanthu. Koma mizere ya zaka khumi ikasonkhanitsidwa, imaonetsa msinkhu umene matendawa amayambira, amene amasiya mankhwala, ndi miyezi imene odwala sabwera kuchipatala. Ku Denmark anayamba kusunga kaundula wa odwala matenda a maganizo pa kompyuta mu 1969, ndipo poti nzika iliyonse ili ndi nambala yake, amatha kutsata munthu moyo wake wonse. Kafukufuku wambiri wa schizophrenia wachokera kumeneko.

Kwathu kuno kutsata munthu n'kovuta. Kabuku ka kuchipatala kamapita ndi madzi, monga zinachitikira mabanja ambiri pa namondwe wa Freddy mu 2023. Wina amawolokera ku Mozambique, wina abale amayamba naye kwa sing'anga, wina amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital n'kubwerako dzina litalembedwa mosiyana. DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta imene Unduna wa Zaumoyo umasungiramo ziwerengero za m'zipatala, kawirikawiri imalandira ziwerengero zowonkhetsa za pamwezi, osati mbiri ya wodwala aliyense. Wolumikiza zidutswa zimenezi ndiye akusowa, ndipo mwana wodziwa madoko ndi midzi ya kuno waposa kale mlendo.

Alimbikire Masamu, Biology ndi Chingerezi pa MSCE. Digiri yoyamba ikhale yokhala ndi Statistics, monga ku University of Malawi ku Zomba, kenako adzawonjezere za umoyo wa anthu ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Akasintha maganizo n'kufuna kuona odwala, koleji ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa zimenezo. Ndisakubisireni, ntchito zambiri za kafukufuku n'zamakontirakiti aafupi, choncho aphunzire kompyuta mokwanira kuti azitha kugwiranso kwina.

Mumuuzenso kuti palibe amatsegula kaundula popanda chilolezo cha komiti yoona za malamulo a kafukufuku ngati COMREC kapena NHSRC, ndipo mayina amachotsedwa kaye. Kabuku ka amalume ake nako asakajambule pafoni.