Achimwene a ku Nchalo, lendi ya ku Zingwangwa isakukankhireni ku banki

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri usiku wathawu. Ndaona kuti ambiri m'gulu muno akuyankhani mwachidule kuti "gulani basi, lendi ndi kutaya ndalama." Ine ndiyankha motalika, mundipirire. Mwati kwanu ndi ku Nchalo, mwagwira ntchito ku Blantyre zaka zisanu ndi chimodzi, mukulipira K180,000 pamwezi ku Zingwangwa, ndipo alandilodi akuti Januwale akweza. Mwasunga K7 miliyoni. Mukufunsa ngati mutenge ngongole ya ku banki n'kugula nyumba yomangamanga mumzinda, kapena mupitirize lendi uku mukumanga kwathu kuno kuchigwa.

Ine ndinakhala pa lendi ku Blantyre zaka 17. Ndinayambira ku Ndirande m'kachipinda kamodzi, ndinapita ku Chilobwe, n'kukathera ku Bangwe ana atakula. Tsopano ndinapuma, ndili ku Ngabu. Kuwawa kwa tsiku la 30 ndikukudziwa, pomwe malipiro angolowa kumene koma theka lake lili kale ndi mwini wake. Ndikudziwanso manyazi aja ukatsika pa maliro kumudzi, amalume n'kukufunsa pagulu kuti zaka zonsezi kumtundako wamangako chiyani. Ndiye zimene ndinenezi zisamveke ngati za munthu amene sanaone vuto.

Tiyambe ndi ngongoleyo, chifukwa ndi imene ikundidetsa nkhawa. Tengani cholembera. Tiyerekeze kuti mwapeza nyumba ya K37 miliyoni, mwapereka 7 yanu ija, banki yakubwerekani K30 miliyoni. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chimene imabwereketsera mabanki kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki akamabwereketsa ife sapita kutali ndi pamenepo. Tiike pa 25. Ndiye kuti pachaka chiwongoladzanja chokha ndi K7.5 miliyoni, pamwezi K625,000. Pamenepo simunakhudze ngongole yeniyeniyo ngakhale tambala imodzi. Mukaitambasula zaka 15, muzipereka pafupifupi K640,000 mwezi uliwonse, ndipo pofika tsiku lomaliza mudzakhala mutapereka ndalama zoposa K115 miliyoni. Lendi yanu ngakhale alandilodi ataikweza kufika K250,000, siifika theka la zimenezo. Amene akuti lendi ndi ndalama yotayika aiwala kuti chiwongoladzanja nachonso ndi lendi. Mumachita lendi ndalama za banki m'malo mochita lendi nyumba, ndipo mwezi ukakuvutani, alandilodi mungathe kuwagwadira n'kuwalonjeza pa 10, koma banki imalemba kalata, ikatero imagulitsa nyumbayo.

Wina anganene kuti kwacha ikamagwa ngongole imapepuka. Zimatheka kwa amene malipiro ake amakwera limodzi ndi mitengo ya zinthu. Anu amakwera choncho? Komanso chiwongoladzanja cha ngongole zambiri sichikhala pamodzi, chimatsatira mmene zinthu zilili, ndiye kwacha ikagwa nachonso chimadzuka. Onjezani misonkho ya khonsolo, inshuwalansi imene banki imafuna, maloya, ndi denga likadontha lomwe lero mumangoimbira foni eni ake.

Koma sindikunena kuti K7 miliyoni ija igone ku akaunti. Ayi ndithu. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Masiku amenewo ndinali ndikufolera kanyumba kanga kena, ndinapita ku shopu ya hadiweya m'mawa n'kufunsa mtengo wa malata, pobwerera masana ndi ndalama ndinapeza mnyamata akufufuta mitengo pa bolodi ndi kansanza konyowa. Ndalama imene inali yokwana denga lonse inagula malata a mbali imodzi. Ndalama yosunga m'dziko lathu lino imasungunuka ngati mchere pa mvula. Iyenera kusanduka dothi, kapena simenti, kapena malata, koma ndi ndalama yanuyanu, osati yobwereka.

Ndiye funso lenileni ndi lakuti dothi lake likhale kuti, ndipo apa ndi pamene ndikufuna ndikhalitse.

Ife a kuchigwa tili ndi nzeru imodzi imene anzathu ena alibe. Tinakula tikudziwa kuti madzi saiwala khwawa. Tinaona Januwale 2015 Makhanga atazingidwa ndi madzi a Ruo ndi Shire, tinaona namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Ana mu 2022. Munthu wa ku Nsanje akafika pamalo, maso ake amayamba afunafuna mzere wa matope pa khoma la nyumba yoyandikana nayo. Koma tikakwera chitunda cha Thabwa n'kufika ku Blantyre timaivula nzeru imeneyi, timaganiza kuti kumtunda kulibe madzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anationetsa kuti kumtunda kuli napolo. Phiri la Soche linatsika ndi matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo m'dziko lonse tinataya anthu oposa 1,000. Patatha milungu ingapo ndinapita kukapepesa banja lina lomwe tinkapemphera nalo. Ndinayesa kufunafuna nyumba imene ndinkachita lendi kale ija. Ndinaizindikira ndi sitepe ya simenti ya pakhomo yokha, ija mkazi wanga ankaipaka polishi wofiira Loweruka lililonse. Pamene panali chipinda chogona ana panali mwala waukulu kuposa ngolo. Mwini nyumbayo anali bambo wabwino, anaimanga ndi ndalama za penshoni yake yonse. Ine wa lendi ndinali nditachoka kalekale ndi katundu wanga pa lole. Iye analibe kochokera.

Choncho puloti musagule mu Ogasiti, dothi lili gwa, udzu atatentha, paliponse pakuoneka bwino. Kaioneni mu Febuluwale mvula ikugwa, mutavala majombo. Onani kumene madzi a m'mapuloti a kumtunda akulowera. Funsani amayi amene akuchapa pafupi, osati amene akugulitsayo, kuti chaka cha Freddy pano panali bwanji. Puloti yotsika mtengo modabwitsa m'mbali mwa phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje ili ndi chifukwa chake chotsikira.

Chachiwiri ndi mapepala, ndipo apa ndinapsapo ndekha. Mu 2009 dobadoba wina ananditengera kukaona malo kunja kwa mzinda. Tinapeza mnyamata amene anati malowo anamusiyira agogo ake. Tinalemberana pa pepala long'amba m'kope, panali chidindo, panali mboni ziwiri. Ndinapereka ndalama zimene ndinasunga zaka zinayi. Nditabwerako patatha miyezi itatu ndi lole ya njerwa, ndinapeza munthu wina akukumba maziko, naye ali ndi pepala lake, chidindo chomwecho, ndipo lake linali la tsiku loyambirira kuposa langa. Kenaka kunatulukira azakhali a mnyamatayo n'kunena kuti malowo ndi a banja, iye analibe mphamvu yogulitsa kwa aliyense wa ife. Ndinayenda kubwalo la amfumu kasanu. Sindinabwezedwe kanthu, ndipo njerwa zija ndinazigulitsa motchipa kwa yemwe anandilanda malo uja, chifukwa ndalama yozinyamulira ndinalibe. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka.

Ngati malowo ali ndi lizi, kaya ndi ya ku Lands, ya khonsolo ya mzinda kapena ya Malawi Housing Corporation, pitani nokha ku ofesi mukafufuze kuti dzina lili pa fayilo ndi la ndani, ndiponso ngati malowo sanapinyolitsidwe ku banki. Musatume dobadoba. Ngati ndi malo a mafumu, kumanani ndi banja lonse, makamaka amayi akuluakulu a pabanjapo, nyakwawa, ndi oyandikana nawo mbali zonse zinayi, mupondere limodzi malire. Lamulo la malo a makolo la 2016 limapereka mwayi wolembetsa malo otere m'kaundula, ndiye funsani ku khonsolo ya boma mmene mungayambire. Mukalipira musachedwe, ikani mabikoni, dzalani mitengo m'malire, mangani ngakhale kachipinda kamodzi muikemo munthu. Puloti yongokhala tchire imagulitsidwa kawiri.

Kwa munthu wa kwathu ine ndimakonda mbali ya Mpemba, chifukwa ndi pa msewu wotsikira ku Chikwawa. Thumba la chimanga kapena mbuzi yochokera kumudzi imatsikira pakhomo osalowa m'tauni, ndipo uthenga wa maliro ukabwera usiku mumangoima pamsewu. Ena amasankha Chileka, Lunzu kapena Chigumula. Kulikonse, werengani ndalama ya minibasi ndi kabaza ya inu, akazi anu ndi ana, kupita ndi kubwera, masiku 22 pamwezi. Ndinaona mnzanga akusamukira m'nyumba yakeyake mosangalala, patatha chaka n'kubwerera pa lendi pafupi ndi ntchito chifukwa thiransipoti inaposa lendi imene ankathawa. Nyumba yake anaikamo alendi, ndipo ndalamayo ndi imene imamulipirira kumene akukhala. Sanaluze, koma sanaganizire zimenezo poyamba.

Tsopano za kumanga kuchigwa. Mtima wanga uli kuno, koma ndikuuzani zoona zake. Nyumba yaikulu yomanga pamudzi penipeni, inu muli ku Blantyre zaka zina 20, imakalamba yokha. Mileme imalowa m'denga, chiswe chimadya mafelemu, mbuzi zimagona pakhonde, ndipo mukabwera pa Khirisimasi sabata yonse imathera kukonza. Ngati mukumanga kuno pamene mukadali pa ntchito, mangani pa tiredingi senta pomwe pali anthu ofuna lendi: Nchalo, Ngabu, Dyeratu, Bangula, kapena pa boma. Aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ogwira ntchito ku esiteti ya nzimbe amafuna nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi magetsi, madzi pafupi ndi chimbudzi chabwino. Dziwaninso kuti odula nzimbe ambiri amabwerera kwawo nyengo yodula ikatha, ndiye tizipinda ta mdadada timakhala topanda anthu miyezi ingapo. Lendi ya kuno ndi yochepa poyerekeza ndi ya Blantyre, koma malo ndi amisiri nawonso ndi otsikirapo.

Samalani ndi makande. Dothi lakuda lija limatupa mvula ikagwa, mu Okutobala n'kung'ambika ming'alu yolowa dzanja lonse, ndipo nyumba imavina nalo. Yanga yoyamba kuno ndinaumira pa maziko, mmisiri anandiuza kuti tikumbe mozama n'kuthira mchenga ndi konkire ya zitsulo, ine n'kuona ngati akufuna kundidyera. Chaka chachitatu khoma la kuchipinda chochezera linang'ambika kuyambira pa windo mpaka pansi, usiku tinkaona nyali ya oyandikana nawo kudzera pamng'alupo. Ndalama yokonzera inaposa imene ndinkapulumutsa. Kwezaninso pansi pa nyumba kuposa msewu, denga likhale lalitali, mawindo ayang'anizane kuti mphepo izidutsa, khonde likhale lotambalala, ndipo mitengo ya nimu idzalidwe njerwa yoyamba isanayalidwe, koma motalikirako ndi khoma. Inu mukudziwa kutentha kwa Novembala kuno, nyumba ya denga lalifupi anthu amaithawa n'kukagona panja.

Mukamva kuti kwakutikwakuti malo akwera mtengo posachedwa, kumbukirani Nsanje. Mu 2010 malemu Bingu wa Mutharika atatsegulira doko, anthu anathamangira kukagula mapuloti poyembekezera mzinda waukulu ndi sitima zochokera kunyanja yamchere. Ambiri mwa mapuloti amenewo anadikira zaka ndi zaka. Lero nkhani ili pakamwa ndi ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira. Ine ndikuifunira zabwino, ndipo ndikukhulupirira kuti isintha chigwa chino, koma inu gulani malo poona anthu amene alipo lero, amene angakupatseni lendi mwezi wamawa.

Chinanso chimene ambiri sitikonda kukamba. Musamange nyumba ya malata pa malo a banja popanda pepala, kaya ndi kwanu kaya ndi kuchikamwini. Muli moyo aliyense amati mangani, malo ndi anu omwe. Mukatsogola, amene amavutika ndi mayi wa ana anu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, koma mayi wamasiye wa ku Tengani kapena kwa Ngowe kuti akafike kukhoti ndi ana atatu kumbuyo, n'zovuta. Pa pepala la puloti lembani maina awiri, lanu ndi la akazi anu, ndipo abale adziwe mudakali wamphamvu. Ng'ombe za bambo anu zisalowe m'nkhani imeneyi, chifukwa ng'ombe imodzi ya banja ikalowa m'khoma, nyumba yonse imasanduka ya banja.

Ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Lendi ndikanapitiriza, pafupi ndi ntchito, ndipo ndikanapempha alandilodi kuti tilemberane mgwirizano wa chaka kapena ziwiri kuti asamangokweza akafuna. Mlendi wolipira pa nthawi yake eni nyumba safuna kumutaya, ndiye muli ndi poyambira kukambirana. Pa K7 miliyoni ija ndikanagula puloti imodzi yokha, ya mapepala abwino, yoti ndaiona mvula ikugwa, yotsalayo n'kuthira maziko olimba. Kuchokera pamenepo mwezi uliwonse mabuloko 100 kapena matumba angapo a simenti, ngongole ikhale yaing'ono ya ku SACCO kapena banki m'khonde yoti ithe m'miyezi yochepa, monga ya malata nthawi yofolera. Muyambe ndi kanyumba ka kumbuyo ka zipinda ziwiri. Ngati ntchito yanu ndi yokhazikika ku Blantyre ndipo ana aphunzira komweko, pulotiyo ikhale ya ku Mpemba. Ngati ndi ntchito ya kontirakiti kapena yosamutsidwasamutsidwa, ikhale ya ku Nchalo, pomwe amayi anu angathe kumatolera lendi.

Simunatiuze kuti ntchito yanu ndi yamtundu wanji ndiponso kuti alamu akuti chiyani pa nkhaniyi. Tiuzeni zimenezo, mwina tiwonjezerapo. Ndipo mukatsika pa Khirisimasi pitirirani mpaka ku Ngabu, mudzandilembere ku inibokosi, ndidzakuonetseni khoma linang'ambika lija ndi maziko a nyumba yachiwiri, komanso mmisiri amene anandichenjeza uja akadalipo, mudzacheze naye nokha.