Makina ogwedeza aja ndi fupa la m'chiuno la amayi anu

Imelo ya achemwali ena a ku Chinamwali yandisoweka nayo tulo. Akuti amayi awo azaka 74 anagwa nkuthyoka fupa la m'chiuno, adokotala anena kuti mafupa awo anafooka kale, matenda aja amati osteoporosis. Achimwene awo ali ku Johannesburg akufuna atumize makina oimapo omwe amagwedeza thupi, eti amalumikiza fupa msanga. Agule kapena ayi?

Achemwali, nditawerenga ndinangoona mayi anga. Iwo anagwera ku bafa kwathu ku Sadzi nthawi ya dzinja, pa simenti panali ndere, anangoterereka pang'ono nkukhala pansi basi. Sikugwa koti munthu nkuthyoka nako ayi, koma phazi linali litagonera kunja ndipo mwendowo unkaoneka waufupi kuposa unzake. Ife tinataya masiku atatu tikuwathowa ndi madzi otentha, tikuti ndi kubinya chabe. Kuchipatala china anawagoneka pa bedi nkumangirira mwendo ku chingwe, kumapeto kwake kukulendewera cholemera, milungu 6 yathunthu. Ine gadiyani ndinkagona pansi pa bedilo pa chitenje, usiku onse ndikumva chingwe chija chikulira akati atembenuke. Fupa silimene linawatha mphamvu, kunali kugonako. Zilonda zinatuluka pamsana, kenako chifuwa, munthu amene ankakwera phiri kukatola nkhuni anatuluka miyendo ili ngati bango ndipo mpaka lero ndikadutsa pamsika nkuona azimayi amsinkhu wawo atasenza madengu a masamba mtima umandipweteka kuti bwenzi tinawathamangitsira kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndiye nkhani ya kugwedeza si bodza ayi. Dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, analemba mu 1892 kuti fupa limalimba likamasenza katundu, likangokhala limafooka. Nchifukwa chake anthu opita mumlengalenga mafupa awo amachepa mphamvu mwezi ndi mwezi. Ofufuza a ku Chinese University of Hong Kong akhala akuyesa kugwedeza kwapang'ono kwambiri, kokwana ka 35 pa sekondi, mphindi 20 patsiku, munthu ataimapo amangomva ngati kunjenjemera kwa foni. Kwa okalamba zinathandiza mphamvu ya minofu ndi kuchepetsa kugwa. Koma zoti fupa lothyoka limalumikizika msanga, umboni wambiri unachokera pa makoswe.

Apa mpamene ndimakwiyira. Makina ambiri amene akutsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp ndi a ku jimu, ochepetsera mimba, amagwedeza mwamphamvu mpaka mano kugundana. Amenewo kuimikapo gogo wa fupa lothyoka ndi kumupha ndithu, ndipo sindikubweza mawu amenewa. Ana athu ali kunja amatumiza zinthu chifukwa mtima ukuwawawa kuti sali pafupi, ndikuwamvetsa, koma ndalama imeneyo ingagwire ntchito yaikulu pa thiransipoti, pa chakudya cha wodwala ndi cha gadiyani. Komanso magetsi athuwa, makina adzangokhala pakona ataphimbidwa ndi nsalu.

Chinanso chimene chimandinyansa ndi mawu oti "ndi ukalamba basi". Mzimayi akasiya kusamba, homoni ya estrogen imatsika ndipo mafupa amayamba kuphwepheka mkati mwakachetechete, osamva kuwawa kulikonse. Agogo akafupika, msana nkupindika, timangoti akula. Pomwe matemba a ku Chilwa ndi usipa zomwe timadya ndi minga yomwe zili ndi kashiamu wambiri wolimbitsa mafupa, bonongwe nayenso, dzuwa la vitamini D lili pabwalo laulere. Koma tikamagawa ndiwo agogo timawapatsa msuzi wokha eti mano alibe. Asinjireni matembawo!

Tsono muchite chiyani?

Musagule kaye. Funsani a mafupa ku Zomba Central kapena akakutumizani ku Queens ngati opaleshoni ikutheka, chifukwa fupa la m'chiuno limafuna opaleshoni mwachangu, maiko ena amayesetsa pasanathe maola 48 kuti munthu adzuke msanga. Ali chigonere muziwatembenuza pafupipafupi, muziona pamsana ndi pa zidendene. A fiziyo, omwe amathandiza odwala kuyambanso kuyenda, akati ayambe kuponda, alimbikitseni ngakhale akulira. Funsaninso za mankhwala olimbitsa mafupa ngati alendronate, akumwa kamodzi pa sabata m'mimba muli mopanda kanthu, koma amafuna munthu wotha kukhala tsonga mphindi 30 atamwa. Za makinawo mudzafunse adokotala fupa litagwira, ndipo achimwenewo atumize kaye chithunzi chake ndi pepala lake kuti akaone. Amayiwo asanabwere kunyumba, kapaleni ndere ku bafa kwanu ndipo muikemo mpando.