Porsche ya fibreglass yogona m'shedi: kodi ndi yoyenera kuigula?

Bambo wina wa ku Matawale wandilembera imelo kuti wapeza galimoto yooneka ngati Porsche 356 Speedster itagona m'shedi kwa zaka zambiri, ndipo mwini wake sakubisa kuti si yeniyeni, koma yongotengera maonekedwe. Akufunsa ngati ndi yoyenera kuigula ndi kuidzutsa, komanso kuti angaipereke kwa mmisiri wotani.

Bambo, musakomedwe ndi maonekedwe akunja. Speedster yeniyeni inatuluka mu 1954 ndipo inali yachitsulo, pamene zambiri zotengerazi ndi za fibreglass (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi), zokhazikidwa pa chesisi ya Volkswagen Beetle imene inadulidwa kuti ifupike. Fibreglass sichita dzimbiri, choncho galimoto imatha kunyezimira pamwamba, pansi patatheratu. Gwadani ndi tochi muone pamene anadula ndi kuwotcherera, kenako mubaye chitsulo chapansi ndi sikuludiraiva, makamaka pamene pamakhala batire, pakuti asidi ndi chinyezi cha dzinja la kuno ku Zomba zimayambira kudya pamenepo. Nambala ya chesisi ili pa msana wapakati chakumbuyo, ndipo ikasiyana ndi ya mu blue book, ndalama zanu zibwerere m'thumba, chifukwa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, idzakuvutani.

Injini, ngati ndi ya Beetle, sindiidera nkhawa kwenikweni. Imazizira ndi mpweya, ilibe radiator, ndipo popeza Beetle inkapangidwa ku Uitenhage ku South Africa mpaka 1979 ndi ku Mexico mpaka 2003, masipeya ake sasowa. Vuto ndi lakuti amisiri ena sabwezera malata ndi mphira zotchinga mozungulira injini poganiza kuti n'zopanda ntchito, mwakuti injini imayamwanso mpweya wake wotentha. Galimoto yotere singafike ku Ku Chawe isanatenthe, ndipo pa mainjini opangidwa 1971 isanafike, silinda yachitatu ndi imene imayamba kupsa.

Za mmisiri, funani amene anagwirapo Beetle kapena Kombi, osati wodziwa kupopera penti chabe. Ine ndinaonapo galimoto ina imene woipanga analumikiza mawaya onse a mtundu umodzi, ofiira okhaokha, popanda fyuzi, ndipo wamagetsi anachita kuzula onse ndi kuyambiranso. Mugwirizane polemba kuti ayambe chesisi ndi mabuleki, kenako mawaya ndi injini, penti pamapeto, ndipo muzilipira gawo lililonse mutaliona ndi maso anu. Akakuuzani kuti mupereke ndalama zonse poyamba kuti aitanitse katundu ku Johannesburg, masipeyawo mugule nokha, iye mumulipire ntchito ya manja ake.