Ukali wakuntchito ndikumakautulira kunyumba

Azakhali,
Ndine bambo wa zaka 31, supavaiza pashopu ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Lilongwe kuno. Vuto langa ndi mtima wapachala. Abwana akandikalipira pamaso pa makasitomala, mwina sitoko yasokonekera kapena anyamata achedwa kukweza simenti, ine ndimangoti pepani bwana koma mkatimu muli moto, ndiye ndikafika kunyumba kanthu kakang'ono basi, mwana wasiya nsapato pakhomo, ndimaphulika. Sabata yatha ndinalemba zaukali pagulupu ya WhatsApp yakuntchito, ndinafufuta koma anthu anali atajambula kale, pano ndapatsidwa kalata yondichenjeza. Madamu akuti ndasintha, sakundilankhulanso bwinobwino. Kodi ndingosiya ntchitoyi?
Wothedwa nzeru, Area 25

Mwana wanga,
Ntchito usasiye, zikusowa izi, ndipo kumene ungapiteko ukapezanso bwana wapakamwa. Zoti uli ndi mtima wapachala ine ndakana, paja pamaso pa abwana umadzigwira bwinobwino. Iwe umachita kusankha pophulikira. Abwana angathe kukuchotsa ntchito, mkazi wako ndi mwana sangakuchotse, ndiye ndi amene akulipira ngongole yomwe sanatenge.

Komanso chimene chimayamba kukugwira pashopu paja si mkwiyo ayi, ndi manyazi, munthu wamkulu kunyozedwa anyamata omwe umawalamula akuonerera, mkwiyowo umabwera pambuyo kudzaphimba. Akatswiri awiri a ku America, Peter Salovey ndi John Mayer, analemba mu 1990 kuti kuzindikira zimene mtima wako ukumva, kuwerenga za mnzako ndi kutha kuziwongolera ndi nzeru payokha, ija a HR, oyang'anira za antchito pakampani, amakonda kuitchula kuti emotional intelligence. Anthu amaganiza kuti ndi kumeza chilichonse uku ukumwetulira, ayi ndithu, kumezako ndi kumene kwakufikitsa pa WhatsApp.

Ukakalipiridwa thupi limatulutsa adrenaline, mchere wa m'thupi wokukonzekeretsa kumenyana kapena kuthawa, mtima umagunda kwambiri, m'manja thukuta, ndipo sizitsika nthawi yomweyo, ndiye ukamva zimenezo foni m'thumba, pita kuseri kukawerenga matumba a simenti kaya kumwa madzi. Ngati zala zikuyabwa lemba uthengawo koma osatumiza, udzauwerenge mawa kukacha uone ngati ungafunebe kuti anthu auone.

Kenako abwanawo uwapeze paokha, m'mawa shopu isanatsegulidwe, buku la sitoko lili m'manja, osati nthawi yomwe kasitomala akuwavuta. Yamba ndi kupepesa za pagulupu zija mosazungulira, kenako uwauze kuti bwana ndikalakwitsa mundiitanire mu ofesi, mukandikalipira pamaso pa anyamata mawa sandimvera ndipo ntchito yanu ndi imene imaima. Waona? Wawauza zowakhudza iwowo. Uwayang'anenso bwino, amakalipa tsiku lililonse kapena katundu akachedwa ndi kumapeto kwa mwezi? Mwina nawo pali amene akuwapanikiza. Sindikuwaikira kumbuyo, pali mabwana ena amwano chibadwire, koma ukadziwa nyengo yawo umadziwanso nthawi yolankhula. Ndipo udzifunse ngati anyamata ako sukuwachita zomwezo.

Kalata yochenjezayo uyankhe molemba, mwaulemu, ndipo usunge kope yako. Lamulo la ntchito la 2000, Employment Act, limati munthu asachotsedwe chifukwa cha khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo zikavuta kuli ofesi ya leba ndi Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya pantchito, koma zomwe anajambulazo ndi umboni wokutsutsa, usawonjezere wina.

Kunyumba ndiye kwandidetsa nkhawa kwambiri. Usagule chitenje n'kumati nkhani yatha, azibambo mumakonda zimenezo. Khala nawo pansi madamuwo mwana atagona, uwafunse kuti ndikamakalipa mumamva bwanji, ndiye utseke pakamwa mpaka amalize, ngakhale anene zowawa usayambe zoti komatu inunso. Mugwirizane kuti tsiku likakuipira uzinena polowa kuti lero kwavuta ndipatseni kanthawi, ukasambe kaye. Mwanayonso umupepese, sizichotsa ubambo.

Wangoti umaphulika, sunanene kuti umaphulika motani. Ngati dzanja linakwerapo kale pa mkazi kapena mwana, imeneyo ndi nkhanza ndipo lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limakukhudza, usadikire kuti zichitikenso, pita kwa ankhoswe kapena kwa aphungu akuchipatala sabata ino.
Azakhali