Alamu, werengani kaye kapumidwe ka mwanayo

Eee, moni nonse pagulu pano. Alamu, uthenga wanu ndaumva. Ndangoti ndiyankhe pakamwa, kulemba ndichedwa nako, ndangoweruka kumene. Mwati mwana wayamba chifuwa Lachiwiri, usiku m'chifuwamo mukumalira tswii tswii, ndiye mukufunsa ngati mungamugawireko makapusozi a amoxicillin amene anatsala kwa agogo aja. Ayi alamu, amenewo asiyeni pomwe alipo.

Kutsokomolako kusakuopseni kwambiri. Ife kuwodi chimene timayamba kuyang'ana ndi kapumidwe. Mudikire mwana akhale phee, kaya wagona kaya wangomaliza kuyamwa, osati akulira. Mumuvule malaya, mutchere nthawi pafoni, muwerenge kuti pamimba pakwera kangati pa mphindi imodzi. Yathunthu mphindiyo, mwamva? Osawerenga theka n'kuchulukitsa, chifukwa makanda amapuma modukizadukiza. Wanuyo ali ndi miyezi 7 eti? Kuyambira miyezi 2 mpaka 11, akafika pa 50 kapena kupitirira, kumeneko ndi kupuma mothamanga. Wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 malire ake ndi 40. Wakhanda wosakwana miyezi 2 ndi 60, ndipo ameneyo sitidikira naye kuti kuche.

Muli pomwepo, yang'anani m'munsi mwa nthiti. Mwana akamakoka mpweya chifuwa chimayenera kutukuka. Mukaona kuti m'munsimo mukulowa m'kati ngati wina akukoka ndi chingwe, mapapo ali pantchito yaikulu. Akamakana bere, akamasanza chilichonse, akamabuula popuma, akafooka moti kumudzutsa kukuvuta, akakomoka, kapena milomo ikayamba kuda, musatumizenso uthenga pagulu pano. Itanani kabaza usiku womwewo.

Tsopano chifukwa chimene ndikukanira mankhwalawo. Mapapo ali ngati mtengo wozondoka: thunthu kukhosi, kenako nthambi, tinthambi, kumapeto kwake timatumba ta mpweya. Mwa ana osakwana zaka 2, kulira kwa tswii kuja kawirikawiri kumakhala kuti tinthambi tating'onoting'onoto tatupa, tadzaza mamina. Kuchipatala timati bronchiolitis, ndipo amayambitsa kwambiri ndi vairasi yotchedwa RSV. Munthu wamkulu imangomupatsa chimfine, koma khanda tinjira take ndi topapatiza, sitichedwa kutsekeka. Imavuta kwambiri tsiku lachitatu mpaka lachisanu, ndiye inu muli pakati penipeni, n'chifukwa chake ndikuumirira kuti muwerenge lero. Amoxicillin sapha vairasi, ngakhale mutamumwetsa botolo lonse.

Chibayo ndiye china. Pamenepo matenda afika m'timatumba tija, tadzaza madzi ndi mafinya, mpweya ukusowa polowa. Chikakhala cha mabakiteriya amoxicillin amagwiradi ntchito, koma wa ana, wamapiritsi osungunula aja, pamlingo wa msinkhu wake, masiku 5 osadumphitsa. Si kutsegula kapusozi wa munthu wamkulu n'kumayerekeza ndi maso pasupuni. Ndipo kusiyanitsa ziwirizi kunyumba simungathe, ngakhale ifeyo nthawi zina timakanda nazo mutu. Mawa m'mawa, ngakhale nambala itakhala yabwino, mupite naye. Akamumvetsere m'chifuwa, akamuyeze malungo ngati thupi likutentha, ndipo mupemphe amupane kachipangizo ka pachala kaja, koyezera mpweya wa okosijeni m'magazi. Kakaonetsa pansi pa 90, mwana akufunika okosijeni, agonekedwa. Mukadzaona mwana wamangidwa timachubu m'mphuno, botolo lamadzi likuchita thovu pambali, musalire maliro ayi. Imeneyo ndi CPAP, makina a Pumani aja anayambira ku Queens ku Blantyre, amangothandiza kuti timatumba tisafwafwanike.

Usiku uno muyamwitseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mphuno zikatseka, dontho la madzi amchere a kufamase musanamuike kubere, chifukwa khanda silingayamwe mphuno zili zotseka. Uchi ayi, sanakwane chaka. Masirapu a chifuwa a pagolosale ndi kutaya ndalama chabe. Ndipo apongozi ndikudziwa akumva, pepanitu mayi, koma zomufunditsa bulangete pa poto wa bulugamu wowira zija ayi. Ana opsa ndi madzi amenewo ndawasambitsa mabala ndi manja angawa. Mphini pachifuwa nazonso ayi.

Za chisanu cha June chino, anthu amati mphepo yamubaya. Mphepo payokha sibaya munthu. Chimachitika n'choti tonse timaunjikana m'chipinda chimodzi, mawindo otseka, mbaula ili pakati, wina akutsokomola. Mbaulayo itulutseni panja, ndipo pophika pankhuni mwana asakhale kumsana. Muonenso m'buku lake la sikelo ngati analandira PCV, katemera wa chibayo, katatu, pa masabata 6, 10 ndi 14. Katemera ameneyo anabwera kuno mu 2011. Sateteza chifuwa chilichonse, koma chibayo choopsa chija amachichepetsa.

Koma abale, funso langa ndi ili: makapusozi a agogo anatsala bwanji? Ndiye kuti sanamalize. Achimwene, inu muli nawo pafupi, mwezi watha munati akutsokomolabe, usiku akumatuluka thukuta mpaka kunyowetsa zofunda, thalauza likuwakhwepa. Chifuwa wamba cha munthu wamkulu, chija timati bronchitis, chimatha chokha, ngakhale chimakakamira masabata awiri kapena atatu. Koma chikapitirira masabata awiri n'kuonjezapo thukuta ndi kuonda, timayeza makhololo, tione ngati si TB. Kuyezako ndi kwaulere kuchipatala cha boma, mankhwala akenso aulere. Akakuuzani zoyezanso magazi musakhumudwe, amatero kwa aliyense. Ndipo nkhalamba chibayo sichibwera ndi kutentha thupi nthawi zonse, ena amangoyamba kusokonezeka, kuyankhula zosagwirizana, kukana nsima, ife n'kumati ndi ukalamba. Fodya wawo wachingambwe uja ndiye sindinena, tinakangana kale.

Alamu, mukapita mawa mukawauze adokotala kuti pakhomo pali agogo amene akutsokomola nthawi yaitali, makamaka ngati amamunyamula mwanayo. Pano werengani kapumidweko, munditumizire nambala ndi kavidiyo ka pachifuwa pake malaya atavula. Foni sindizimitsa, ndili maso.