Kodi loketi ndi chithumwa?

Funso: Ndinagula katcheni pakaunjika ku Limbe, kali ndi kamtima kachitsulo kolendewera komwe kamatsekuka ngati kabokosi. Wogulitsa anati ndi loketi. Agogo atakaona akuti ndikataye, ati chithumwa cha azungu chimenecho. Kodi dzinali limatanthauza chani ndipo linachokera kuti?
Wodabwa, Chilomoni

Yankho: Achemwali musataye kaye ndalama zanu. Loketi ndi kabokosi kakang'ono kovala m'khosi kosungiramo chikumbutso cha munthu amene mumamukonda, nthawi zambiri kachithunzi. Kakakhala kosatsekuka si loketi ayi, ndi chokongoletsera basi, ngakhale anyamata apamsika amangotchula zonse dzina limodzi bola malonda ayende.

Ife tinabwereka ku Chingerezi, Angerezinso anatenga ku Chifalansa chakale komwe loquet kanali kachitsulo kotsekera chitseko. Ndiye loketi ndi loko wa pageti panuyo ndi pachibale ndithu. Cha m'ma 1600 ndi pomwe dzinali linayamba kunena kabokosi kovala, chifukwa nako kamatseka kuti thapu, zamkati osaoneka.

Koma agogowo sakulakwitsiratu. Kale ku Ulaya anthu amaikamo tsitsi la malemu, makamaka nthawi ya Mfumukazi Victoria wa ku Mangalande yemwe amuna ake Albert atamwalira mu 1861 anavala zakuda mpaka imfa yake mu 1901, ndipo zovala m'khosi zolirira maliro zinafala kwambiri nthawi imeneyo. Tsono kwathu kuno mukudziwa nokha, tsitsi la munthu sitiseweretsa, ukameta umakwirira kapena kutaya kuchimbudzi kuopa wina angalitole nkukupangira zamankhwala, ndiye munthu wamkulu kumva zoti pali kabokosi kosungira tsitsi pachifuwa mutu uyenera kuwazungulira basi.

Kusiyana kwake nkwakuti chithumwa amachisoka, mkati muli mankhwala, sichitsekulidwa ndipo chimabisidwa m'chiuno kapena pamkono kuti chiteteze mwini wake. Loketi sateteza kanthu olo pang'ono, amavalidwa poyera ndipo umatsekula dala kuonetsa anzako kuti awa ndi mayi anga.

Kajambulitseni kachithunzi kakang'ono ngati ka pasipoti, mudule mozungulira nkhope ndi sizasi, mulowetse. Osasamba nako, madzi akalowa chithunzi chimafufuma, komanso zapakaunjika zambiri golide wake ngopaka, amasupuka msanga. Mukatsekule agogo akuona. Koma mukapezamo tsitsi la mwini wake woyamba, pamenepo ndiye musalimbane nawo agogowo, ineyo sindikhalapo.