Za lifti yokwezera njinga yamoto mwafunsayi achimwene

Achimwene ndaona funso lanu loti msana wayamba kukuvutani chifukwa chonyonyomala tsiku lonse pokonza Boxer yanu, ndiye msuweni wanu wa ku Joni akuti akhoza kukugulirani lifti, tebulo lachitsulo lija lokwezera njinga m'mwamba, koma simukudziwa kuti musankhe yotani komanso ngati siyoopsa kukhala nayo pakhomo. Ine yanga ndakhala nayo zaka zingapo ndithu ndipo sindinong'oneza bondo, kusintha tcheni ndi sipuloketi utaimirira bwinobwino, bawuti iliyonse ukuiona ndi maso osati kumangofufuza ndi zala, ntchito imakoma zedi. Koma chinthuchi chimafuna ulemu, chikhoza kukuphwanyani mkono mukachitengera chibwana.

Muwauze asuweni anuwo agule yopopa ndi phazi. Zilipo zoyendera mpweya zofuna kompuresa yokankha 6 mpaka 8 bar, zilinso zamagetsi, zonsezo ndi zabwino kugalaja yaikulu yokweza njinga khumi patsiku, koma kwathu kuno magetsi akazima njinga ili pansi ndiye kuti ntchito yaima, nanga kompuresayonso ndi ndalama zina. Yaphazi ili ndi jeke ya oyilo pansi pake, mumangoponda kangapo basi yakwera, ndipo ikayamba kudontha aliyense wodziwa kukonza majeke a galimoto akhoza kukusinthirani masilo, timphira totchinga oyilo kuti asadonthe.

Za kulemera musavutike nazo kwambiri. Zambiri zimalembedwa 450 kg, zina 360 kg, zikuluzikulu 680 kg, pomwe Boxer 150 siifika n'komwe makilo 150, chimodzimodzi Yamaha AG200 ija amakwera alangizi kumidzi. Ngakhale BMW GS yaikulu ija yodutsa makilo 230, lifti ya 450 kg imainyamula. Ine ndinganene kuti tengani ya 450 yo, osati chifukwa choti njinga yanu ndi yolemera ayi, koma chitsulo chake chimakhala chochindikala ndiye sichigwedera mukamalimbana ndi nati youma. Chomwe muonetsetse ndi kutalika ndi kutambalala kwa tebulo. Muyeze njinga yanu ndi tepi kuchokera kutsogolo kwa tayala lakutsogolo mpaka kumapeto kwa lakumbuyo, muwatumizire asuweniwo nambala imeneyo, tebulo lisachepere mamita 2. M'lifupi ambiri amasewera pa 55 mpaka 70 cm, bola lotambalalalo chifukwa sitandi yapakati imakhala pabwino ndiponso mumapeza poika masipanala ndi kabeseni kolandirira oyilo wakuda.

Muwapemphenso akujambulireni zithunzi asanalipire, muone zinthu izi ndi maso anu. Kutsogolo kukhale chopanira tayala chomanga ndi hendulo. Kumbuyo kukhale kachitsulo kochotseka kuti wilo yakumbuyo izitulukira pansi mukamaichotsa. M'mbali mukhale tizingwinjiri kapena mabowo okoleka malamba. Ndiye chachikulu pa zonse, loko, chitsulo chija cholowetsa m'miyendo ya lifti kapena mano ogwira ikakwera. Yopanda loko musalandire ngakhale akupatseni yaulere. Jeke ntchito yake ndi kukweza basi, chogwira katundu m'mwambamo ndi loko. Silo ndi kamphira chabe, kakhoza kuphulika nthawi iliyonse popanda kuchenjeza, ndipo miyendo ya lifti imapindika ngati sizasi, mkono ukapezeka pamenepo palibe chotsala. Ine ndikakweza kufika pomwe ndikufuna ndimalowetsa loko kenako ndimaitsitsa pang'ono kuti kulemera konse kukhale pachitsulocho, ndipo ndimatero ngakhale ntchito yake ikhale ya mphindi ziwiri yongothira oyilo patcheni.

Pokweza njinga patebulo ndi pomwe anthu ambiri amagwera, ndipo inenso ndinagwa. Sabata yoyamba yomwe ndinaganiza zokwera nayo injini ikulira, ndafika pamwamba ndagwira buleki, ndiponde pansi ngati mwa masiku onse, phazi linapeza mphepo yokhayokha chifukwa tebulo ndi lopapatiza ndipo ngakhale litatsika limakhalabe pamwamba pang'ono. Ndinagwera kumanzere njinga pamwendo, kilatchi liva kuthyoka, galasi kusweka, bondo linatupa masabata awiri. Chonde musayese zimenezo. Zimitsani injini, imani kumanzere kwa njinga, zala ziwiri pa buleki yakutsogolo, muikankhe pang'onopang'ono, ndipo masiku oyambawa pakhale munthu wamkulu wogwira kaliya kumbuyo. Tayala likalowa m'chopanira iye agwirebe njingayo inu mukumanga, asasiye mpaka malamba atakoka.

Malamba ake akhale aja a ratchet omangira katundu pa lole koma ang'onoang'ono, osati mphira zodula ku chubu zomwe timamangira matumba pa kaliya, zimene zija zimatamuka ndiye njinga imapendama inu mukuona. Awiri kutsogolo, lina uku lina uku, muwakoleke pachitsulo chogwira mafoloko pansi pa hendulo, akokere kutsogolo ndi m'mbali, mpaka mashoku atsike pang'ono chabe osati kufinyiratu. Muonetsetse kuti lamba sanapane paipi ya buleki kapena mawaya. Chopanira tayala chokha sichikwanira, chimagwira kunsi pomwe kulemera kwa injini ndi thanki kuli pamwamba. Mukamanga igwedezeni njingayo ndi mphamvu idakali pansi, ikasuntha yambiraninso.

China chomwe ndinaphunzira mochedwa, manati ouma monga ya ekiselo ndi ya sipuloketi yakutsogolo muziyamba mwaamasula pang'ono lifti isanakwere. Munthu ukaika paipi ku sipanala n'kukoka ndi thupi lonse njinga ili masentimita 75 m'mwamba, zonse zimagwedera, ndipo nati ikamasuka mwadzidzidzi iweyo ndi njinga mumapita limodzi. Pomanganso chimodzimodzi, mphamvu yomaliza muziikira pansi. Komanso mukachotsa chinthu cholemera, kaya wilo kaya injini, njinga imapepuka mbali imodzi n'kulemera kwina. Pochotsa wilo yakumbuyo ikani sitandi yapakati kapena kajeke kakang'ono kaphwatalala pansi pa felemu ndi kathabwa pakati, malamba akutsogolo ali chimangire. Yakutsogolo ndiye yovuta chifukwa mukuchotsa tayala lomwe lagwira njinga, pamenepo muyambe mwamanga kumbuyo ndi malamba awiri, jeke pansi pa injini, ndiye muzimasula chopanira. Ena amangoilowetsa njingayo chafutambuyo kuti chopanira chigwire tayala lakumbuyo, nazonso zimatheka.

Malo oikapo akhale a simenti yolimba yosapendama. Padothi kapena panjerwa zongoyala ayi, nthawi ya dzinja mwendo umodzi umatitimira ndiye zonse zimapendekera uko. Ngati ili ndi timatayala toikankhira, pamakhala mabawuti opondetsa pansi kuti isayende, muziwamanga musanakweze njinga. Muyang'anenso kumwamba, khonde lathu lambiri denga lake ndi lalifupi ndiye magalasi amakagunda malata.

Ana ndiye nkhani ina, amakonda kuponda chopondera chija chifukwa amaona ngati choseweretsa, ndipo amakwawira pansi pake kukatola bawuti. Ine ndikamatsitsa ndimayamba ndazungulira kuona kuti pansi palibe mwana, galu kapena bokosi la zida, kenako ndimapopa pang'ono kuti loko amasuke, kuchotsa loko, ndiye kuponda chotsitsira mwapang'onopang'ono dzanja lili panjinga. Ndikamachoka pakhomo sindisiya njinga m'mwamba olo pang'ono. Ndipo ngati pakhondepo ndi pomwe mayi akunyumba amayatsa mbaula, tsekani kampopi ka petulo ndipo mbaulayo ipite kutali musanamasule paipi iliyonse ya mafuta.

Kusamala kwake sikovuta, girisi m'molumikizira miyendo, kupukuta fumbi pamtengo wonyezimira wa jeke, ndipo muziisunga yotsitsa kuti mtengowo usachite dzimbiri. Oyilo akachepa thirani wa jeke weniweni, amalemba ISO 32, musathire buleki fuluwidi chifukwa amadya masilo. Ikayamba kutsika yokha pang'onopang'ono kapena mukaona oyilo pansi, isiyeni kaye mpaka ikonzedwe.

Musanawauze kuti alipire, mufunse kaye a thiransipoti mtengo wobweretsera chifukwa chinthuchi chimalemera kuposa makilo 100, sichikwera basi ngati chikwama, ndiye muwerengerenso msonkho pa Mwanza kapena pa Dedza. Mukaona kuti zonse pamodzi zikuposa thumba lanu, pitani kwa owotcherera odalirika akupangireni benchi yosakwera ya angle iron yochindikala, yofika m'mawondo, yokhala ndi chopanira tayala, mokoleka malamba ndi chokwerera chachitali kuti kukankha kusavute, pa Boxer imeneyo imakwana ndipo msana umapumako ndithu mukakhala pakampando. Chokhacho musalole munthu akupangireni yokwera ndi jeke ya galimoto popanda loko, ndinaionapo ina yotero pagalaja ina ndipo sindinafune n'kuima pafupi. Zithunzi zija zikabwera muziponye muno tione limodzi loko wake ndi wotani.